"Borrow me": mawu a Cingerezi osokoneza ngongole

Mukamacita malonda m'malire, monga ku Zóbuè kapena ku Mandimba, mudzamva wina akuti "Borrow me 500". Akutanthauza kuti "ndibwerekeni 500". Anthu amamvana ndithu, koma m'Cingerezi colongosoka mawuwa ngolakwika.

Vutoli limacokera apa: ife timati "ndabwereka khasu", timatinso "ndibwerekeni khasu". Liwu ndi limodzi, mbali zonse ziwiri. Cingerezi cili ndi mawu awiri. "Borrow" ndi kukongola, wolandira ndinu. "Lend" ndi kukongoza, wopereka ndinu.

Tsono popempha, nenani kuti "Please lend me 500" kapena "Can I borrow 500?"

Cenjerani kwambiri posaina kalata ya ngongole. Mawu akuti "I borrowed him 500" sasonyeza bwino amene ayenera kubweza. Ngati munapereka ndinu, lembani "I lent him 500". Ngati munalandira ndinu, lembani "I borrowed 500 from him". Kaliwu kakuti "from" kakuloza mwini ndalama.

Mukakayika, lembani m'Cinyanja: "ndakongola" kapena "ndakongoza". Musaiwale maina, tsiku lobweza, ndi mtundu wa ndalama, kaya ndi meticais kaya makwacha.