window.opener

window.opener ndi dzina la mu JavaScript limene kazenera kotulukira pamwamba, kotchedwa pop-up, kamagwiritsa ntchito polozera tsamba la pa intaneti limene linakatsegula.

JavaScript anaiyambitsa ndi Brendan Eich ku kampani ya Netscape mu 1995. Tsamba likatsegula kazenera kudzera mu window.open(), kazenerako kamasunga njira yobwererera kwa kholo lake. Mwachitsanzo, munthu akamaliza kulemba fomu m'kazeneramo, kakhoza kupereka lamulo lakuti window.opener.location.reload(), kenako window.close(), ndipo tsamba loyamba limadzitsitsimutsa n'kuonetsa zatsopano.

Lamuloli limagwira pokhapokha masamba onse awiri achokera ku adiresi imodzi. Akasiyana kochokera, msakatuli amalikana, ndipo olemba mapulogalamu amagwiritsa ntchito postMessage kutumiza uthenga umene tsamba loyamba limaumvera.

Asakatuli sachita mofanana. Internet Explorer inabweretsa njira yakeyake yotsegulira kazenera, showModalDialog, imene Chrome inaizimitsa mu 2014. Kuyambira Firefox 79 mu 2020 ndi Chrome 88 mu 2021, linki yokhala ndi target="_blank" siipatsanso tsamba latsopano opener, pofuna kuletsa akuba kusintha tsamba loyamba ndi lachinyengo lofunsa pasiwedi.

M'makomboni a Lusaka monga Kanyama, Matero ndi Chawama, anthu ambiri amalowa pa intaneti ndi foni. Pafoni pop-up imatseguka ngati tabu yatsopano. Opera Mini ikakhala pa njira yopulumutsa kwambiri bandulo, imakonzera masamba pa maseva ake ndipo imachepetsa JavaScript, motero tsamba loyamba limatha kukhala osasintha mpaka mwini foni alitsitsimutse yekha.

Mawu ogwirizana nawo: window.parent, iframe, noopener, BroadcastChannel.