Dooko loyenda la pa nyanja ya Chilwa

Ndinakulira ku Balaka, kumtunda kouma, kumene madzi aakulu omwe tinkawadziwa anali a Shire pa Liwonde basi. Nyanja ya Chilwa ndinaiona koyamba mu 1989, atsibweni anga atanditenga pa tchuthi kupita kwa Mposa ku Machinga, kumunsi kwa phiri la Chikala, kumene anakwatira. Anali ndi bwato la matabwa. Thanga lake linali la matumba a feteleza osokedwa ndi ulusi wa ukonde, ndipo mwera ukawomba, malemba a pamatumbawo ankatukumuka mochititsa kaso.

Tsiku lina tikuchokera ku zimbowera, timisasa ta asodzi toyandama pa njedza, mphepo inatikankha bwino mpaka mudzi unaoneka. Ine ndinayamba kale kukonzeka kutsika. Atsibweni anapinda thanga, natola nsungwi yaitali.

"Khala pansi, mphwanga," anatero. "Dooko la chaka chatha ndi limene ukuonalo. La chaka chino tilifuna kaye."

Tinatha ola lathunthu tikukankha bwato m'kanjira kopapatiza kamene anthu anadula m'njedza, nsungwi ikumira m'thope, udzudzu ukutidya. Pamapeto tinazika nsungwiyo pansi n'kumangirira bwato. Nangula wake anali ameneyo.

Kugombe la Mozambique, monga ku Quelimane, madzi amadzaza ndi kuphwa kawiri pa tsiku, ndipo woyendetsa ngalawa amadikira maola ochepa kuti alowe padooko. Chilwa naye amadzaza ndi kuphwa, koma mwa ulesi wakewake: kamodzi pa chaka, ndiponso kamodzi kakakulu pakapita zaka zingapo. Nyanjayi ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Domasi, Likangala, Thondwe, Phalombe ndi Sombani amathira, dzuwa n'kumamwa. N'chifukwa chake madzi ake ali ndi kamchere, ndipo kuya kwake m'malo ambiri sikupitirira mamita awiri. Pansi pake m'posalala ngati mbale, kotero madzi akatsika pang'ono chabe, gombe limathawa mtunda wautali.

Akatswiri a nthaka amati kalekale Chilwa ndi Chiuta zinali nyanja imodzi, yotuluka kudzera ku mtsinje wa Lugenda mpaka ku nyanja ya mchere. Mchenga unaunjikana pakati n'kuzilekanitsa. Pamtumbira wa mchenga womwewo ndi pamene padutsa njanji yochokera kwathu ku Nkaya kudzera pa Liwonde mpaka ku Nayuchi, imene inatsegulidwa mu 1970. Wokwera sitima ya pamtunda sadziwa kuti akuyenda pa chitseko chimene chinatsekera Chilwa m'nyumba.

David Livingstone ndi John Kirk anafika pa nyanjayi pa 18 April 1859, ndipo anabwera wapansi, sitima yawo ya Ma Robert ataisiya kwa Chibisa kuchigwa cha Shire. Analemba dzina lake kuti Shirwa. Zombo za azungu zimene zinabwera pambuyo pake zinalondola Shire: E. D. Young anadutsa kumtunda kwa mtsinjewu mu 1867 pa bwato lachitsulo lotchedwa Search pofufuza za Livingstone, ndipo mu 1875 anadutsanso ndi Robert Laws pa sitima ya Ilala, imene anthu anaisenza zidutswazidutswa kulambalala mathithi. Zonsezo zinkathamangira ku nyanja yaikulu ya Malawi. Chilwa anatsalira eni ake, ndipo ine sindidandaula nazo. Mabwato a masewera okhala ndi chipsepse chachitsulo kunsi, pano angatitimire m'thope asanaone n'komwe denga la nyumba.

Chimene chimagwira ntchito pa Chilwa ndi bwato losalala kunsi, nkhafi, nsungwi, ndi munthu wokumbukira. Atsibweni ankawerenga nyanja ngati munda wa makolo awo. Ankadziwa kuti mwera wa mu June ndi July umakankhira madzi kugombe la kumpoto, ndipo ukaleka madziwo amabwerera, n'kusiya bwato la mlendo litakhala pamatope. Ankadziwanso pamene madzi anafika mu 1968, chaka chimene nyanja inauma, pakuti iwo anayendapo ndi miyendo pamalo amene ankaponya khoka.

Zoumazi ndinadzazionera ndekha mu 1995. Pansi pa nyanja panang'ambika ngati mphika wakale, anthu akupalasa njinga kupita ku chilumba cha Chisi. Matemba, makumba ndi milamba zinathawira m'maiwe a m'mitsinje, ndipo mafumu ndi asodzi anagwirizana zoletsa kupha nsomba m'maiwemo kuti mbewu isathe. Makomiti a m'madooko a pa Chilwa anayambira pamenepo. Ena amati analamula ndi a boma. Ine ndimati njala ndi imene inawaphunzitsa. Nyanja inaphwanso kwambiri mu 2012, inaumanso mu 2018, kenako mvula ya mu March 2019 inaidzaza, ndipo namondwe wa Freddy mu 2023 anakankhira madzi m'minda ya mpunga ndi m'makomo a anthu.

Bwato la atsibweni silinaone zonsezi. Linakhala padzuwa chaka chonse cha 1995, matabwa anang'aluka, phula linasungunuka. Madzi atabwerera, iwo anali atakalamba, ndipo ana awo anali atapita kale ku Joni. Nkhuku zinaikiramo mazira kwa zaka ziwiri, kenako azakhali anawaza matabwawo n'kuwambira milamba.