Paki ya Centenary ku Bulawayo idauma bwanji?

Ambiri amati paki ya Centenary idatchedwa choncho pamene Bulawayo ankakwanitsa zaka 100 mu 1994. Ine ndimakayika, chifukwa dzinali ndi lakale kuposa pamenepo.

Atsamunda atakhazikitsa tauniyi mu 1894, patangopita miyezi likulu la mfumu Lobengula litapsa, adasiya malo osamangapo nyumba m'mbali mwa mtsinje wa Matsheumhlope. Lero pali mapaki awiri, Central ndi Centenary, ndipo pakati pawo padadutsa msewu wa Leopold Takawira. Anthu akuda, kuphatikizapo matchona ochokera ku Nyasaland, ankakhala kwina, ku Makokoba.

Mu 1953 pamalopa padachitika chionetsero chachikulu chokumbukira zaka 100 chibadwire Cecil Rhodes, ndipo amayi a Mfumukazi Elizabeth adabwera kuchokera ku Britain. Dzina lija lidachokera apa, chaka chomwecho chimene chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chidayamba. Mu 1964 adatsegula m'pakimo nyumba ya Natural History Museum, momwe muli chinjovu chachikulu choumika. Ufulu utabwera mu 1980, chiboliboli cha Rhodes adachizula pakati pa tauni n'kukachiimika kuseri kwa nyumbayi.

Makolo a m'madera a Sizinda ndi Mzilikazi mumzindawu amakumbukira kasitima kokwera ana, komanso kasupe wa ku Central Park komwe akwati ankajambulitsa. Zonsezi zidayamba kufooka mafakitale atatsekedwa ndipo ndalama za misonkho zitachepa. Koma chidapha paki kwenikweni ndi madzi.

Madzi a Bulawayo amachokera m'madamu a ku Matabeleland South, dera la mvula yochepa. Pa chilala cha 2020 madamu a Umzingwane, Upper Ncema ndi Lower Ncema adaphwa mpaka adasiya kupopamo. Mipopi inkakhala youma masiku asanu ndi limodzi pa sabata. Amayi ankalawirira kumijigo ndi zigubu, ena ankatunga m'zitsime zosatetezeka, ndipo ku Luveve anthu adamwalira ndi matenda otsekula m'mimba. Ndani akadathirira kapinga ana akugona ndi ludzu? Sindingadzudzule wosamalira maluwa aliyense. Chimandipweteka n'chakuti chilalachi sichidabwere modzidzimutsa: cha 1992 chidachenjeza kale, anthu adapitiriza kuchuluka, koma madamu atsopano sadamangidwe molingana ndi kukula kwa mzinda.

Ganizo lokoka madzi kuchokera ku Zambezi lidayamba kukambidwa mu 1912, ndipo mpaka lero madziwo sadafike ku Bulawayo.