Mbiri ya Mipikisano ya Mafunso

Mpikisano wa mafunso, momwe anthu amayesana kuti aone amene akudziwa zambiri za mbiri yakale, maiko, mabuku, mafilimu ndi sayansi, ndi mwambo wa posachedwa ndithu. Kufunsana pakokha n'kwakale, pakuti palibe mtundu wa anthu wopanda zilapi. Koma chilapi chimayesa kuchenjera, ndipo munthu akhoza kuchimasula poganiza mofatsa ngakhale asanachimvepo. Funso la pampikisano limayesa zimene munthu anasunga m'mutu. Ngati sadziwa likulu la dziko la Peru, angakande mutu mpaka kucha, Lima sangatulukemo. Masewera otere anayenera kudikira nthawi imene anthu ambiri anali atapita kusukulu n'kuphunzira zofanana, akuwerenga nyuzipepala, ndiponso ali ndi wailesi m'nyumba. Zimenezi zinakumana ku America ndi ku Britain nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha.

Ku America chidwi chinayambira m'mabuku. Mu 1927 kunatuluka buku la mafunso lotchedwa Ask Me Another, ndipo mabanja ankafunsana madzulo akatha kudya. Wailesi sinachedwe kutola nkhaniyi. Pulogalamu ya Professor Quiz inayamba mu 1936, ndipo mu 1938 kunabwera Information Please, yomwe inatembenuza zinthu: omvera ndi amene ankatumiza mafunso, akatswiri n'kumayankha, ndipo funso likawakanika akatswiriwo mwini wake ankalandira mphotho. Koma nzeru imene inadzalamulira mipikisano yonse ya ndalama inaoneka mu 1940 pa pulogalamu ya Take It or Leave It. Funso loyamba linali la dola imodzi, ndipo mphotho inkawirikiza kawiri pa funso lililonse mpaka kufika madola 64. Pa sitepe iliyonse wopikisana ankasankha kutenga zomwe wapeza n'kumapita, kapena kupitiriza n'kuika zonse pachiswe. Omvera sankangodikira yankho ayi, ankadikiranso kuona ngati munthuyo dyera limugwetse.

Ku Britain zinayenda mosiyana chifukwa wailesi ya BBC sinkadalira otsatsa malonda. Mphotho zinali zochepa, mwinanso ulemu wokha. Round Britain Quiz inayamba mu 1947, ndipo chaka chotsatira kunabwera Top of the Form, mpikisano wa sukulu za sekondale womwe unamveka pa wailesi mpaka 1986.

Mavuto anabwera ndi wailesi ya kanema. Mu 1955 nyumba youlutsa mawu ya ku America ya CBS inayambitsa The $64,000 Question, mothandizidwa ndi kampani ya zodzoladzola ya Revlon. Madola 64 aja anali atasanduka 64,000, ndalama zoposa malipiro a zaka khumi a wantchito wamba wa nthawi imeneyo. Anthu anakhamukira ku kanema, malonda a Revlon anakwera, ndipo nyumba zina zinathamangira kuyambitsa mipikisano yawo. Umodzi mwa iyo unali Twenty-One, womwe unayamba pa NBC mu 1956. Tsiku loyamba unachitika mwachilungamo ndipo unagwetsa ulesi, chifukwa opikisana ankangolephera mafunso. Kampani yolipira pulogalamuyo inadandaula, ndipo mkonzi wake, Dan Enright, anayamba kupanga zonse mseri. Opikisana ankapatsidwa mayankho pasadakhale, ankaphunzitsidwa pomwe ayenera kudodoma, kuluma mlomo ndi kupukuta thukuta pamphumi, ndipo ankauzidwa tsiku loti agonje.

Herb Stempel, yemwe anali msilikali wakale wa ku New York ndipo anali ndi mutu wogwira zinthu modabwitsa, anapambana masabata angapo mwa njira imeneyi. Akonzi ankamuveka suti yosamukwana kuti azioneka wosauka wodziphunzirira yekha. Oonera atayamba kutopa naye, anamupezera womugonjetsa: Charles Van Doren, mphunzitsi wachinyamata wa pa yunivesite ya Columbia, mwana wa mlakatuli wotchuka Mark Van Doren. Pa 5 December 1956 Stempel anafunsidwa filimu yomwe inapata mphotho ya Oscar ya chaka cha 1955. Yankho linali Marty, filimu yomwe iye ankaikonda kwambiri, koma anayankha On the Waterfront monga anamuuzira. Usiku womwewo anagonja. Van Doren anapitirira mpaka kupeza madola 129,000, nkhope yake inatuluka pachikuto cha magazini ya Time, ndipo makolo ankamuloza kwa ana awo kuti aone phindu la sukulu.

Stempel anayesa kuulula koma anthu ankamuona ngati wansanje chabe. Chinsinsi chinaululikira kwina. Mu 1958 munthu wina yemwe ankadikira kulowa pa mpikisano wa Dotto anapeza kabuku ka wopikisana mnzake muli mayankho a mafunso omwe ankafunsidwa nthawi yomweyo, likasa lenileni ngati la m'chipinda cha mayeso. Kafukufuku anayamba ku New York, kenako anafika ku nyumba ya malamulo ya dzikolo. Pa 2 November 1959 Van Doren anavomera pamaso pa komiti ya aphungu kuti ankapatsidwa mayankho. Ntchito yake ya ku Columbia ndi ina yomwe anali atapeza ku NBC zinathera pomwepo, ndipo zaka zambiri zotsatira anagwira ntchito mwakachetechete ku kampani yosindikiza Encyclopaedia Britannica. Chodabwitsa n'chakuti panalibe lamulo loletsa zomwe akonziwo anachita. Amene anaimbidwa mlandu anaimbidwa wa kunama atalumbira. Mu 1960 ndi pamene aphungu anakhazikitsa lamulo loti kukonzeratu zotsatira za mpikisano wa pa wailesi ndi mlandu. Nkhani yonseyi inadzasanduka filimu ya Quiz Show, yomwe Robert Redford anatulutsa mu 1994.

Kwa zaka zingapo nyumba zoulutsa mawu za ku America zinaopa mipikisano ya ndalama zambiri. Yomwe inabwezeretsa ulemu wa mwambowu inali Jeopardy!, yomwe Merv Griffin anayambitsa mu 1964. Maganizo ake anachokera kwa mkazi wake, Julann: poti mlandu unali wopereka mayankho mobisa, bwanji osawapereka poyera, opikisanawo n'kumapeza funso? Mpaka lero wopikisana pa pulogalamuyi amayankha ngati akufunsa. Alex Trebek anaitsogolera kuyambira 1984 mpaka imfa yake mu 2020, ndipo mu 2004 Ken Jennings anapambana maulendo 74 motsatizana n'kutenga madola oposa 2.5 miliyoni.

A ku Britain anapitiriza kukonda mafunso ovuta a mphotho yochepa. University Challenge inayamba mu 1962, potengera mpikisano wa ku America wa College Bowl, ndipo mayunivesite amatumiza ophunzira anayi anayi. Mastermind inayamba mu 1972. Woyambitsa wake, Bill Wright, anagwidwapo ndi Ajeremani pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndipo kakonzedwe ka pulogalamuyi anakatengera pa momwe ankamupanikizira ndi mafunso ali mkaidi: mpando wakuda umodzi, nyali yowala kumaso, kwina konse mdima. Wopambana amalandira mbale yagalasi basi. Mu 1980 mbaleyo inapita kwa Fred Housego, dalaivala wa takisi wa mu London, ndipo dziko linasangalala kuona kuti kudziwa zinthu si kwa a madigiri okha.

Mwambowu unali utafikanso m'malo omwera mowa, komwe mikangano ya "ndani anayamba" ndi "chachikulu n'chiti" sikutha. Mu 1951 Sir Hugh Beaver, mkulu wa kampani ya mowa ya Guinness, anatsutsana ndi anzake ali kosaka ku Ireland pa nkhani ya mbalame yothamanga kwambiri mwa mbalame zosakidwa ku Ulaya, ndipo sanapeze buku loti liwalamule. Anapatsa ntchito yolemba buku lotero mapasa awiri, Norris ndi Ross McWhirter, ndipo mu 1955 buku la Guinness Book of Records linatuluka. M'zaka za m'ma 1970 eni mabawa a ku Britain anayamba kukonza usiku wa mafunso kuti akope makasitomala pa masiku omwe malonda sayenda. Kenako mafunso analowa m'nyumba kudzera m'masewera a Trivial Pursuit, omwe atolankhani awiri a ku Canada, Chris Haney ndi Scott Abbott, anapeka ku Montreal mu December 1979. Anagawa mafunso m'magulu asanu ndi limodzi: maiko, zisangalalo, mbiri yakale, luso ndi mabuku, sayansi ndi chilengedwe, komanso masewera. M'chaka cha 1984 chokha mabokosi oposa 20 miliyoni anagulidwa.

Kutchukako kunabala mlandu wochititsa chidwi. Fred Worth, mlembi wa mabuku a mfundo zosiyanasiyana, anali atabisa dala bodza limodzi m'buku lake, loti dzina loyamba la wapolisi wa m'kanema, Columbo, ndi Philip. Bodzalo litapezeka pa khadi la Trivial Pursuit, Worth anasumira eni ake kuti amulipire madola 300 miliyoni. Iwo sanakane kuti anagwiritsa ntchito mabuku ake, koma khoti linagamula kuti mfundo yoona ilibe mwini, ndipo Worth sanapate kanthu.

Ndalama zambiri zinabwereranso mu 1998 ndi pulogalamu ya ku Britain ya Who Wants to Be a Millionaire?, yokhala ndi mafunso 15 ndi mphotho ya mapaundi 1 miliyoni. Inali nzeru ya mu 1940 ija yoti utenge kapena upitirize, koma yowonjezera mwayi woimbira foni mnzako kapena kufunsa gulu la oonera. Chinyengo nacho chinabwerera, ulendo uno kuchokera kwa opikisana. Mu 2001 Charles Ingram, msilikali wa udindo wa meja, anayankha mafunso onse, koma zojambulidwa zinaonetsa kuti wina mwa odikira kupikisana ankakhosomola yankho lolondola likatchulidwa. Sanapatsidwe ndalamazo, ndipo mu 2003 khoti linamupeza wolakwa. Pulogalamuyi inagulidwa m'maiko ambiri. Ku India inayamba mu 2000 motsogozedwa ndi katswiri wa mafilimu Amitabh Bachchan, ndipo ndi imene ili pamtima pa filimu ya Slumdog Millionaire ya mu 2008, yomwe inapata ma Oscar asanu ndi atatu. Kuno ku Africa njira ya College Bowl inafika kudzera mu Celtel Africa Challenge, yomwe inayamba mu 2007 n'kudzatchedwa Zain Africa Challenge. Wofunsa mafunso anali John Sibi-Okumu wa ku Kenya, ndipo mayunivesite a ku Malawi ndi ku Zambia anapikisanako ndi anzawo a kum'mawa ndi kumadzulo kwa Africa.

Mu 2011 kompyuta ya kampani ya IBM yotchedwa Watson inagonjetsa Ken Jennings ndi Brad Rutter, akatswiri awiri a Jeopardy!, ndipo posakhalitsa foni ya m'manja inayamba kupereka yankho la funso lililonse m'kanthawi kochepa. Mipikisano sinathe, koma malamulo anakhwima, moti m'mabawa ena wogwira foni mafunso ali mkati amachotsedwa pamodzi ndi gulu lake. Kuyambira 2003 pamachitika mpikisano wa dziko lonse wa World Quizzing Championships, womwe anthu a m'maiko osiyanasiyana amalemba tsiku limodzi. Aliyense amakhala payekha ndi cholembera, n'kuyankha papepala mafunso 240.