Ndende, Misala ndi Mwana wa Kunyanja

Msewu wochoka pa boma la Mangochi kudzera pa Liwonde umakafika ku Zomba. Kwa zaka zoposa 100 njira imeneyi yakhala ikutenga anthu a mitundu iŵiri amene mudzi unawalephera: olakwira malamulo ndi odwala misala. M'nkhani ino tiona kuti ndende ndi chipatala cha misala m'dziko muno zinabadwira m'nyumba imodzi, ndi kuti chibale chimenechi chapweteka kwambiri mwana wolakwa.

Tiyambe taona za kumudzi. Pakati pa Ayao ndi Anyanja a m'mbali mwa nyanja, mwana akaba nkhuku kapena kuvulaza mnzake, mlandu unkagwera atsibweni ake, eni mbumba, ndipo iwo ndiwo ankalipira pabwalo. Kujando mnyamata aliyense ankakhala ndi phungu wake womulangiza. Sikuti kalelo kunalibe nkhanza ai, pakuti ndi nthaŵi yomweyo pamene Mponda, Makanjira ndi Jalasi ankagulitsa akapolo, ana omwe. Komabe mwana wolakwa ankakhala ndi wamkulu womudziŵa mtima.

Atsamunda atamanga Fort Johnston mu 1891 anadza ndi khoti ndi ndende. Malamulo awo a milandu ankalola kuti mwana wa zaka 7 aimbidwe mlandu. Mu 1910 anatsegula malo osungirako amisala monga mbali ya ndende yaikulu ya Zomba, ndipo osunga odwalawo anali asilikali a ndende. Madokotala aŵiri, Shelley ndi Watson, anafufuza za odwalaŵa nasindikiza zimene anapeza mu 1936, koma chipatala chenicheni cha Zomba Mental chinatsegulidwa mu 1953. Motero kwa zaka zambiri wodwala maganizo ankayesedwa mkaidi. Nanga ndani akanaganiza kuti mkaidi wamng'ono nayenso angakhale wodwala?

Nzoona kuti boma linakhazikitsa sukulu zosinthira khalidwe, ya Chilwa ku Zomba ndi ya Mpemba ku Blantyre, ndiponso mu 1969 linaika lamulo loona za ana ndi achinyamata. Kumeneko anyamata ankaphunzira ukalipentala, zomangamanga ndi ulimi. Manja anapatsidwa ntchito, koma za mumtima panalibe wofunsa kwenikweni. Ana enanso ankatsekeredwa ndithu pamodzi ndi akuluakulu. Kafukufuku wa mu 1999 wonena za Edzi m'ndende anaulula kuti anyamata ena ankagonedwa ndi akaidi aakulu pofuna chakudya ndi bulangete.

Kusintha kunadza pang'onopang'ono. Mu 2000 alangizi a zamalamulo anayamba kuyendera ndende ndi kuthandiza osungidwa podikira mlandu. Lamulo la 2010 losamala ndi kuteteza ana linabweretsa makhoti a ana, ndiponso njira yothetsera milandu ing'onoing'ono popanda kutsekera mwana. Msinkhu woimbidwa mlandu unakwera kufika pa zaka 10. Mu 2018 Khoti Lalikulu linalamula kuti ana achotsedwe m'ndende za Bvumbwe ndi Kachere.

Tsono mwana wa kunyanja amene amagwa m'manja mwa apolisi ndi wotani? Kaŵirikaŵiri ndi mnyamata amene anasiya sukulu nathamangira kudoko, wochezera panyanja kupha usipa, wozoloŵera chamba ndi kachasu akali wamng'ono. Wina ndi wamasiye, wina ali ndi khunyu yotsalira atadwala malungo aakulu. Apa mpamene pali ntchito ya dokotala wa matenda a maganizo. Iye amakhala pansi ndi mwanayo namufunsa m'Chiyao kapena m'Chicheŵa ngati akugona tulo, ngati akumva mawu osaoneka mwini wake, ngati anaganizapo zodzipha. Amasiyanitsa mwano ndi matenda ovutika maganizo, amalangiza woŵeruza mlandu, ndipo amakonza abale kuti adzamulandire bwino pobwerera kwawo. Anthu a luso lotere, monga ophunzitsidwa pa koleji ya St John of God ku Mzuzu, anabwera mochedwa ndipo ngochepa.

Aŵerengi, mbiriyi ikutiphunzitsa kuti lamulo likhoza kutulutsa mwana m'chitokosi, koma silingamvetsere zimene zikumudya mumtima. Makolo athu anati kuongola mtengo mpoyamba. Phungu amene khoti la atsamunda linamuchotsa pambali pa mwana ayenera kubwezedwa pamalo pake, ndipo akhale pafupi, ku Mangochi konkuno, kuti mwana asachite kukwera msewu wa ku Zomba kuti apeze womumvera.