Njanji ya Bangula ndi phindu la asilikali operekeza

Ndege yonyamula anthu ikasiya kuyankha pa wailesi, kapena pakamveka mphekesera ya bomba, mayiko ambiri amatumiza ndege zankhondo kuti zikaiperekeze. Otsutsa amati uku n'kutaya mafuta chabe, ndipo amatchula ndege ya Helios imene inagwa pafupi ndi Athens mu 2005: ndege zankhondo za dziko la Greece zinauluka pambali pake, koma anthu onse 121 anafa. Mtsutsowu si wachilendo ku Lower Shire, kungoti kuno unafika pa njanji, ndipo mbiri ya Bangula ikusonyeza kuti kuperekeza kuli ndi phindu lalikulu, ngakhale sikupulumutsa aliyense.

Mlatho wa Dona Ana utatsegulidwa pa Zambezi mu 1935, sitima za pakati pa Beira ndi Limbe zinkadutsa pa Nsanje ndi pa Bangula, zitasenza thonje, tiyi ndi fodya popita kunyanja, mafuta ndi feteleza pobwera. Nkhondo ya Frelimo ndi Renamo itakula ku Mozambique, njanjiyi inakhala chandamale cha zigawenga. Sitima zinaima kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ndipo mu 1986 mlathowo unaphulitsidwa. Njira zina zinakumana ndi mfuti zomwezo koma sizinafe. Asilikali a Zimbabwe ankalondera njanji ndi paipi ya mafuta ya pakati pa Beira ndi Mutare kuyambira 1982, ndiponso ankaperekeza mdipiti wa magalimoto pa msewu wa Tete, kuchokera ku Nyamapanda kufika ku Zobue. Asilikali a Malawi nawo anatumizidwa ku njanji ya Nacala mu 1987. Njanji ya Sena, imene inkadyetsa Bangula, sinapeze chitetezo chotero, ndipo katundu wa dziko lino anayamba kuzungulira mpaka ku Durban pa mtengo woboola m'thumba.

Wina anganene kuti magalimoto operekezedwawo ankatenthedwabe, ndiponso kuti ana athu anakataya moyo polondera njanji ya m'dziko la eni. N'zoona, ndipo imfa zimenezo sitingazichepetse. Wina angawonjezere kuti chimene chinatontholetsa mfuti ndi pangano la ku Rome la pa 4 Okutobala 1992, osati asilikali olondera. N'zoonanso, koma ntchito ya woperekeza sinali kuthetsa nkhondo. Ntchito yake inali kuchititsa mdani mantha, kuona zimene zikuchitika ndi kusunga njira kuti mtendere ukabwera uipeze ikadayenda. Mtendere unapeza msewu wa Tete ndi njanji ya Mutare zili ndi oyendetsa, amakaniko ndi amalonda. Njanji ya Sena unaipeza itamera tchire, ndipo madzi osefukira atadula njanji pa Chiromo mu 1997, Bangula analekanitsidwanso ndi Limbe. Amene amawerengera ndalama zimene operekeza amawononga, kaya m'mlengalenga kaya pamtunda, aziwerengeranso zaka zimene alimi a thonje a Nsanje ndi Chikwawa akhala opanda sitima.