Wosakiridwa asamadzitche mlenje

Loweruka lina masana, magetsi atapita, ndinapeza mphwanga, mwana wa mlongo wanga, atakhala pakhonde kwawo ku Chazanga mu Lusaka, msana atatsamira khoma, foni ili m'manja. Chala chake chachikulu chinkazungulira pa kabwalo kakang'ono kojambulidwa pakona ya galasi la foniyo. Mwadzidzidzi anadzuka n'kundithamangira. "Amalume, onani! Nagwila chinyama cha rare maningi. Nenze kuchisakila sabata yonse." Pagalasipo panali chinyama chofiirira chokhala ndi thumba pamimba, mwana atasuzumira m'thumbamo. Dzina lake ndi Kangaskhan. Ndinamufunsa kumene wachigwira. Anati ku Sydney. Ndinayang'ana mapazi ake, ndipo anali ndi fumbi la pabwalo pomwepo.

Gemu imene ankasewera ndi Pokémon Go, imene kampani ya Niantic inatulutsa mu Julaye 2016. Maziko ake ndi kuyenda ndi miyendo. Foni imadziwa pamene waima kudzera mu GPS, imakuonetsa mapu a misewu yeniyeni ya kwanuko, ndipo zinyama zimatulukira pamapupo, iwe n'kumaziponyera kampira kuti uzigwire. Zina anazigawa mwadala m'zigawo za dziko lapansi: Kangaskhan ku Australia, Tauros ku North America, Mr. Mime ku Ulaya. Ife kuno anatipatsa Tropius, wa khosi lalitali lomera nthochi, amene amapezeka mu Africa ndi m'madera ozungulira nyanja ya Mediterranean. Mphwanga uja anaika m'foni pulogalamu yonamiza GPS, imene imauza gemu kuti mnyamata wa ku Chazanga akuyenda m'mbali mwa doko la Sydney. Kabwalo kaja ndiye miyendo yake.

Sindinabwere kudzadzudzula gemu. Amene anayambitsa Pokémon, Satoshi Tajiri wa ku Japan, anali mwana wokonda kugwira tizilombo touluka ndi tokwawa m'tchire la kwawo, ndipo gemu yoyamba ya mu 1996 inabadwa m'chikumbumtima cha ubwana umenewo. Aliyense amene anakula akuthamangitsa ziwala kudambo kapena kudikira ngumbi pachulu mvula yoyamba itagwa akudziwa kukoma kwake. Chimene chinandikhudza ine ndi mawu awiri amene mnyamatayo anatchula mosaganizira n'komwe, kugwira ndi kusaka. Mawu amenewa ali ndi eni ake, ndipo iye sanali mmodzi wa iwo tsiku limenelo.

Kwathu kummawa, kumene amayi ake ndi ine tinakulira, chinenero chinkasiyanitsa bwino njira zopezera nyama, ndipo mwana ankaphunzira kusiyana kwake asanadziwe kulemba dzina lake. Mlenje amasaka: amadzuka mame asanakamuke, amalondola mapazi, amayang'ana kumene mphepo ikuchokera, ndipo nthawi zambiri amabwerera chimanjamanja. Anthu akatuluka mudzi wonse ndi agalu ndi zibonga, umenewo ndi uzimba, ndipo woyamba kulasa ndiye mwini nyama. Wina amatchera: diwa pa mpita wa mbewa, khwekhwe panjira ya kalulu, ulimbo panthambi yopendamira pachitsime. Mbewa za kuuna timakumba, kapena kuzifukiza ndi utsi, ndipo mnyamata amene watulutsa kapuku wonona amayenda monyadira kuposa wa mende. Ndiye pali wina amene akudutsa pathengo n'kupeza nyama itafa kale. Ameneyu watola. Ndiwo adya ndithu, koma madzulo pabwalo sanganene kuti ndapha. Akanena, ana omwe amuseka.

Chizungu cha m'magemu chili ndi mawu akuti hunt, ndipo amavundikira zonsezi ngati lichero. Woyenda makilomita khumi padzuwa ndi hunter, wokhala pakhonde ndi hunter, ngakhale amene wagona tulo makina akumugwirira ntchito ndi hunter. Ana athu akamamasulira mawu amenewa m'mutu mwawo, amatenga kusaka n'kukuveka pa zonse. Apa ndi pamene chinenero chimaluza chuma popanda munthu kuzindikira, chifukwa palibe mawu achilendo amene alowa. Mawu athu omwewo ndi amene aphwanyidwa mpaka kufanana ndi achilendo.

Zida zimene osewera amagwiritsa ntchito n'zosiyana, ndipo chilichonse chili ndi mneni wake. Gemu itangotuluka kunabwera mapu a pa intaneti, monga Pokévision, amene ankaonetsa pamene chinyama chosowa chatulukira ndi mphindi zimene zatsala chisanazimiririke. Sanakhalitse, anatsekedwa kumapeto kwa Julaye womwewo. Mapu otere ndimawafanizira ndi nsadzu, mbalame imene imalondolera munthu ku njuchi. Eni gemu amawaletsa, koma m'chinenero tinganene kuti munthuyo walozeredwa, pakuti kuyenda wayenda yekha ndipo thukuta ndi lake. Pulogalamu ya mphwanga ija ntchito yake ndi kunamiza. Palibe chifukwa chonenera kuti "nachita spoof" pamene tingathe kunena kuti ndanamiza foni. Ndipo pali chida chachitatu chimene amachitcha bot, chimene chimayenda chokha m'gemu usiku wonse, kuponya timipira ndi kusonkhanitsa zinyama mwini wake ali m'bulangete.

Pa chida chachitatuchi ndinalimbana ndi maganizo masiku angapo. Poyamba ndinkati ndi msampha, popeza msampha nawo umagwira mwini ali m'tulo. Koma ndinaona kuti ndikuchilemekeza mopitirira. Wotchera diwa amadziwa mpita, amasankha mwala wa kulemera koyenera, amasema kamtengo kochirikiza, amakazinga nyambo. Nzeru zonse zili mwa iye, mwalawo umangomaliza. Ngati pali wotchera pankhani ya bot, ndi amene analemba pulogalamuyo. Woikoperayo m'mawa amangotola.

Ndipo chinenero chathu chili ndi njira ina yonenera zimenezi imene Chizungu chilibe, njira ya timagawo timene timalumikiza kumapeto kwa mneni. Ndasaka, ndiye kuti ndapita ndekha. Ndasakira agogo, ndiye kuti ndapita m'malo mwawo. Ndasakitsa agalu, ndiye kuti ndawatuma ine ndili pambuyo pawo. Ndasakiridwa, ndiye kuti wina wapita, ine ndalandira. Tsinde ndi limodzi, koma mawu aliwonse akuulula amene watuluka thukuta. Mnyamata wa bot wasakiridwa. Mawu amenewa si chipongwe, pakuti nkhalamba ndi odwala amasakiridwa ndipo palibe amawanyoza. Amangonena zoona. Ndikudziwa kuti m'Chinyanja cha mu Lusaka kusakila kunatenga tanthauzo la kufunafuna chilichonse, kaya ndi nyumba ya lendi ku Matero kapena piece work ku Kalingalinga, ndipo sindikulimbana nako. Chinyanja cha m'tauni ndi chamoyo, chinakula pakati pa Chinsenga, Chibemba ndi Chizungu, ndipo chili ndi ufulu wake. Koma mwana wa m'tauni yemweyo Lolemba amalowa m'kalasi kumene amaphunzira Cinyanja cha m'mabuku, ndipo ayenera kudziwa kuti kagawo kakang'ono kameneko kamanyamula nkhani yonse ya amene wagwira ntchito ndi amene wadyerera.

Mawu amene ndikuwalirira kwambiri ndi kubera. Nditamuuza mphwanga kuti zimene akuchitazo ndi kubera, nkhope yake inasintha. "Awe amalume, si kuba. Ni cheat chabe. Bonse bamachita." Taonani mmene mawu obwereka agwirira ntchito apa. Cheat kwa iye ndi kanthu kopepuka, kochenjera, koseketsa anzake. Kubera kumaluma, chifukwa m'kati mwake muli kuba, ndipo kagawo ka -era kamafunsa funso limene cheat safunsa: wabera yani? Yankho lilipo. Wabera mnzake wa ku Kabanana amene amayenda wapansi mpaka m'tauni Loweruka lililonse, foni itabisidwa m'thumba kuopa olanda, kuti apeze chinyama chimodzi chabwino, kenako n'kukumana m'gemu ndi gulu la zinyama zamphamvu za munthu amene sanachoke pakhonde. Tinaona kale zotere ndi mawu akuti leakage m'nyengo ya mayeso. Mwana amanena kuti wapeza leakage, ngati ndi madzi amene adontha okha padenga iye n'kungotchera ndowa. Atanena kuti ndabera mayeso, lilime likanalemera. Sindidana ndi mawu obwereka. Foni, gemu, intaneti, kompyuta, onsewa analowa pakhomo poyera chifukwa anabwera ndi zinthu zimene tinalibe. Amene ndimawakana ndi obwerekedwa kuti tibisalemo, pamene mawu athu alipo koma akutichititsa manyazi.

Ndiyenera kumuchitira chilungamo mnyamatayu. M'gemu imeneyi malo otengerapo timipira, otchedwa PokéStop, amaikidwa pa zipilala, matchalitchi, zithunzi zojambula pamakoma ndi malo ena odziwika, ndipo ambiri oyambirira anachokera ku gemu ina ya kampani yomweyo, Ingress, kumene osewera eni ake ndiwo ankatumiza malowo. Kumene kunali osewera ambiri a mafoni apamwamba kunadzaza, kumene kunalibe kunatsala mbee. Anandionetsa mapu a pamene tinakhalapo: misewu yokhayokha, kanthu kamodzi kali patali. Atasuntha kabwalo kaja kubwerera ku Sydney, galasi lonse linachita kuti mbuu ndi zizindikiro. Mwana wa m'komboni amalipira bandulo yofanana ndi wa kwina koma thengo lake ndi louma. Ndikumvetsa chimene chimamukoka. Komabe njala ya munthu sisintha dzina la chimene wachita. Wokumba chinangwa m'munda wa mnzake chifukwa cha njala timamumvera chisoni, mwina n'kumukhululukira, koma sitinena kuti wakolola. Eni gemu nawonso sasekerera: mu 2018 analengeza chilango cha magawo atatu, chenjezo la masiku 7 pamene zinyama zosowa zimaleka kukuonekera, kenako kuimitsidwa masiku 30, pomaliza kutsekeredwa kotheratu.

Mawu akuti rare aja savuta. Tili ndi chosowa, tili ndi chosaonekaoneka, tili ndi chopezeka mwa apo ndi apo. Ine ndimakonda chosaonekaoneka, chifukwa chosowa chingamveke ngati chinthu chimene chatayika. Ngaka ndi nyama yosaonekaoneka, munthu angakalambe osaiona, n'chifukwa chake makolo akaipeza ankapita nayo kwa mfumu. Ndipo kusowa kumadalira pamene waima: Tropius amene mphwanga amamudutsa osamuponyera n'kampira komwe, alipo anthu ku Ulaya ndi ku America amene amanamiza mafoni awo kuti abwere kuno adzamugwire.

Ovutirapo ndi mawu akuti shiny. Kuyambira m'magemu a Pokémon otchedwa Gold ndi Silver a mu 1999, chinyama china chimatuluka ndi khungu losiyana ndi anzake. M'magemu akalewo mwayi wake unali kamodzi pa maulendo 8,192, ndipo kuyambira mu 2013 anauwonjezera kufika kamodzi pa 4,096. Alipo anthu amene amakhala miyezi akubwereza malo amodzi kudikira chimodzi chokha, ndipo pa iwo mwambi uja wakuti kuona maso a nkhono n'kudekha umakwana ndendende. Alipo ena amene amagwiritsa ntchito mapulogalamu owerengera kamphindi kenikeni kodinira batani kuti chituluke. Tikati "chamtundu wina" tasokoneza, popeza mtundu ndi maonekedwe a khungu komanso ndi fuko la nyamayo. Chonyezimira ndi mawu abwino, chifukwa chikamatuluka pagalasi pamathwanima tinyenyezi, ndipo ndamva ana ena akunena kale choncho osauzidwa ndi munthu. Zinyamazo pazokha tizitche zinyama kapena tinyama. Tizilombo ayi, chifukwa mawu amenewo masiku ano amatikumbutsa kuchipatala, ndipo zilombo kwa Mchewa ndi nkhani ya kudambwe imene sitiiseweretsa.

Sabata yotsatira ndinapitanso ku Chazanga kukaona mlongo wanga. Mphwanga sanali pakhonde. Anafika dzuwa litapendeka, ali ndi mnzake, nsapato zitayera ndi fumbi la mumsewu wochokera ku Great North Road, botolo la madzi lili lopanda kanthu. Pulogalamu ija sanaichotse m'foni, anandiuza yekha mosabisa. Koma anatsegula thumba la zinyama zake n'kuyamba kundilozera chimodzichimodzi. "Ichi ninatola ku Sydney. Ichi naco ninatola. Koma ichi, amalume," anaika chala pa kanyama kakang'ono kabuluu, kosaoneka kamphamvu n'komwe, "ichi nasaka neka lelo, pafupi na tchalitchi." Amayi ake anamuitana kuti akasambe m'manja, nsima inali itaphulidwa.